Kumwetsa kapena kuleketsa: mawu ndi a ndani pa mankhwala a kholo loiwalaiwala?

Pa Nkando ndi m'midzi yozungulira, monganso m'madera ena a boma la Mulanje, muli makomo amene akusamala kholo loiwalaiwala. Agogo amafunsa funso limodzimodzi kasanu dzuwa lisanakwere, amasochera pochokera kumsika umene akhala akupitako chibadwire, amaitana mdzukulu ndi dzina la mchemwali wawo amene anatisiya kalekale. Banja likapita nawo kuchipatala n'kubwerako ndi mankhwala, pakapita miyezi pamabuka funso lakuti tipitirize kuwamwetsa kapena tileke.

Kawirikawiri funsoli amaliyankha munthu mmodzi, anzake osadziwa. Mwana wamkazi amene amawasambitsa amangoleka kuwapatsa poona kuti akutsegula m'mimba. Mwana wamwamuna ali ku Joni amalamula pafoni kuti asadumphitse ngakhale tsiku limodzi, poti akugula ndi iye. Eni ake a thupilo safunsidwa n'komwe.

Kachitidwe kotere kamaphwanya ufulu wa wodwala ndipo kangaike moyo wake pachiswe. Chiganizo chopitiriza, chochepetsa kapena choleka mankhwala chiyenera kumangidwa ndi mbali zitatu zitakhala pansi: wodwalayo, abale omusamala ndi wachipatala. Wachipatala amadziwa mankhwala. Wosamala amadziwa zochitika pakhomo usana ndi usiku. Wodwala ndiye mwini thupi, ndipo kuiwala sikumulanda umwini umenewo.

Yambani mwadziwa chimene akudwala

Achipatala amawatcha matendawa dimenshiya. Amawononga ubongo pang'onopang'ono mpaka munthu kulephera kukumbukira, kulingalira ndi kudzisamala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni ali nawo, ndipo oposa 60 mwa 100 aliwonse amakhala m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, umene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anaufotokoza mu 1906. Mtundu wina umadza timitsempha ta magazi mu ubongo tikawonongeka, makamaka mwa odwala BP, shuga kapena amene anachitapo sitiroko.

Komatu si wokalamba aliyense wosokonezeka amene ali ndi dimenshiya. Agogo amene anali bwinobwino sabata yatha, lero n'kumalankhula zosagwirizana, mwina ali ndi malungo, chibayo kapena matenda a m'chikhodzodzo, ndipo akalandira chithandizo mutu umabwerera m'malo. HIV, chindoko chokhalitsa, kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, mowa ndi kuvutika maganizo nazonso zimaiwalitsa. Choncho ufulu woyamba wa wodwala ndi woyezedwa mokwanira asanayambe kumwa chilichonse. Chipatala chapafupi chikaona kuti pakufunika kuunika kozama, chimapereka kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu cha boma la Mulanje, ndipo kumeneko angathe kutumiza wodwala ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena kuchipatala cha matenda a maganizo ku Zomba.

Mankhwala ake ali m'magulu atatu

Mikangano yambiri ya m'banja imayamba chifukwa chosasiyanitsa mapiritsi. Onse amabwera m'timapepala tapulasitiki tofanana, tojambulidwa dzuwa ndi mwezi, dzina lolembedwa ndi bolopeni litafufutika ndi thukuta la m'thumba. Koma ntchito yake ndi yosiyana, ndipo kalekedwe kakenso n'kosiyana.

Gulu loyamba ndi la mankhwala othandiza kukumbukira: donepezil, rivastigmine, galantamine ndi memantine. Awa sachiza dimenshiya ndipo sabwezeretsa ubongo umene wawonongeka. Mwa anthu ena amachepetsako zizindikiro kwa kanthawi, mwa ena sipaoneka kusintha kulikonse. Sapezeka wambawamba m'zipatala zazing'ono, ndipo WHO imalangiza kuti aperekedwe pokhapo pamene matenda atsimikizika ndiponso pali katswiri wolondoloza wodwalayo. Atatu oyambawo angabweretse nseru, kusanza, kutsegula m'mimba, kusafuna chakudya, kuwonda, maloto oopsa, kugunda mochedwa kwa mtima ndi kukomoka. Memantine angabweretse chizungulire, mutu ndi kudzimbidwa, ndipo amafuna kusamala ngati impso sizikugwira bwino.

Gulu lachiwiri ndi la mankhwala ofatsitsa ndi ogonetsa monga haloperidol, chlorpromazine, risperidone ndi diazepam. Amaperekedwa wodwala akamalusa, akamaona zinthu zomwe palibe kapena akamayendayenda usiku. Awa ndiwo ofunika kuwayang'anitsitsa. Mu 2005 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza kuti mankhwala a mtundu wa risperidone amachulukitsa imfa pakati pa okalamba odwala dimenshiya, ndipo mu 2008 chenjezolo linafika pa akalekale monga haloperidol ndi chlorpromazine. Amathanso kuumitsa thupi, kunjenjemeretsa manja ndi kugwetsa munthu. Diazepam amawonjezera kusokonezeka ndi kugwa.

Gulu lachitatu ndi la mankhwala a matenda ena amene wodwalayo ali nawo: a BP, a shuga, a khunyu, a chifuwa chachikulu ndi ma ARV. Amenewa salekedwa chifukwa chakuti munthu wayamba kuiwala. Kuleketsa ma ARV kumadzutsa kachilombo ndipo ubongo umawonongeka msanga. Koma m'gulu lomweli muli ena amene amakolezera kuiwala, monga amitriptyline, promethazine ndi Piriton amene ambiri amangogula pagolosale. Muuzeni wachipatala chilichonse chimene agogo akumwa, ngakhale mankhwala azitsamba.

Zimene lamulo likunena

Malamulo Aakulu a dziko la Malawi a mu 1994 sanena paliponse kuti ufulu wa munthu umatha akayamba kuiwala. Gawo 19 likuti ulemu wa munthu aliyense usaphwanyidwe, likuletsa kuzunza munthu kapena kumuchita zomunyazitsa, ndipo likuletsa kuyesera mankhwala pa thupi la munthu iye asanavomere. Gawo 20 likuletsa tsankho, kuphatikizapo losala munthu chifukwa cha ulumali. Gawo 21 likuteteza chinsinsi cha munthu. Gawo 13 likupatsa boma udindo wolemekeza ndi kuthandiza okalamba.

Mu 2009 dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Gawo 12 la panganoli likuti munthu waulumali ndi wofanana ndi wina aliyense pamaso pa lamulo ndipo azithandizidwa kupanga ziganizo zake, pomwe gawo 25 likuti achipatala azipereka chithandizo munthu atamvetsa ndi kuvomera mosakakamizidwa. Mu 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza anthu achikulire, kuyambira zaka 60, komanso lamulo latsopano la anthu aulumali. Mu 2025 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la umoyo wa maganizo lolowa m'malo mwa la atsamunda la mu 1948.

Pa nkhani ya mankhwala, zimenezi zikutanthauza kuti wodwala ali ndi ufulu:

- wouzidwa matenda ake, dzina la mankhwala, ubwino ndi kuipa kwake, m'chilankhulo chimene amamva bwino, kaya Chichewa, Chilhomwe kapena Chiyao;
- wovomera kapena kukana mankhwala pamene akutha kumvetsa nkhaniyo;
- wosintha maganizo pa zimene anavomera kale;
- woti matenda ake asafalitsidwe pamsika, kumpingo kapena pagulu la WhatsApp la mudzi wonse;
- wokamva maganizo a wachipatala wina ngati sanakhutire;
- wosamangidwa ndi chingwe, kutsekeredwa m'nyumba tsiku lonse kapena kugonetsedwa ndi mankhwala n'cholinga choti ena apume.

Pali lamulo linanso logwirizana ndi nkhaniyi. Wodwala akasochera usiku n'kupezeka m'bandakucha pakhomo pa eni, mwina atavula, anthu amathamangira kunena kuti mfiti yagwa. Mantha a zimenezi ndiwo amachititsa mabanja ena kumugonetsa ndi mankhwala opyola mlingo. Lamulo la za ufiti la mu 1911 likugwirabe ntchito, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa ku Neno powaganizira ufiti. Banja lisadikire zotere. Lidziwitse mfumu, anthu oyandikana nawo ndi apolisi a m'mudzi kuti kholo likudwala matenda oiwala, ndipo akalipeza likuyenda alibweze kwawo mwaulemu. Zikatero chifukwa chomugonetsera chachepa kale.

Kodi agogo angathebe kusankha?

Dimenshiya simulanda munthu nzeru zonse tsiku limodzi. Munthu amene sangathenso kuwerengera ndalama za nandolo angathe kunena momveka kuti piritsi lausiku likumuchititsa nseru ndipo salifunanso. Madokotala m'mayiko ambiri amayang'ana zinthu 4 pofuna kudziwa ngati wodwala angasankhe pa nkhani imene ili pamaso pake. Kodi akumva zimene akuuzidwa? Akuzisunga m'mutu kwa nthawi yokwanira kuganiza? Akutha kuyerekeza ubwino ndi kuipa? Akutha kusonyeza chimene wasankha, kaya ndi mawu, ndi mutu kapena ndi dzanja?

Asanaweruzidwe kuti sangathe, ayambe wathandizidwa. Ambiri mwa odwalawa mutu umakhala bwino m'mawa ndipo amasokonezeka dzuwa likapendeka, choncho nkhani zazikulu zikambidwe m'mawa. Wailesi izimitsidwe, ana apite kosewera, magalasi avale ngati ali nawo. Wofunsa akhale nawo pamphasa, aike piritsilo pachikhatho kuti alione, afunse funso limodzi n'kudikira yankho: "Amayi, kamankhwala aka mukamwa mukumva bwanji m'thupi?" Akayankha kuti "kamandipotokola m'mimba, mwanangu," umenewo ndi umboni wofunika kukafika kwa adokotala monga momwe aunenera. Mawa afunsidwenso. Yankho likamabwera lofanana masiku angapo, amenewo ndi maganizo awo.

Wodwala akasankha chimene ana ake sakugwirizana nacho, si umboni wakuti mutu wawo sukuyenda. Munthu walungalunga amakananso mankhwala nthawi zina.

Nthawi yabwino yokambirana ndi pamene matenda angodziwika kumene. Afunseni amene akufuna kuti adzawalankhulire zinthu zikadzavuta, chimene amachiopa kwambiri, ndiponso ngati adzafune kumagonekedwa m'chipatala kawirikawiri kapena kusamalidwa pakhomo. Mayankhowo alembedwe pamaso pa mboni monga mfumu kapena mkulu wa mpingo, ndipo wachipatala awaone. Pepala lotere limathetsa mikangano yambiri m'tsogolo.

Akafika posatha kulankhula, alankhule ndani?

Kuno kwa Alhomwe ndi Amang'anja nkhani zikuluzikulu za pabanja zimadzera kwa mwinimbumba. Wosamala tsiku ndi tsiku amakhala mwana wamkazi kapena mdzukulu, pomwe ndalama zimachokera kwa amene ali ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku South Africa. Onsewa ali ndi gawo lawo, koma palibe amene ali ndi mawu omaliza payekha. Ntchito ya mwinimbumba ndi kusonkhanitsa abale ndi kuonetsetsa kuti aliyense wamveka. Wotumiza ndalama athokozedwe ndipo azidziwitsidwa zonse, koma kugula mankhwala sikumupatsa mphamvu pa thupi la kholo. Amene amachapa zofunda ndi kudzuka pakati pa usiku amvedwe kwambiri, chifukwa ndiye amaona zimene mankhwala akuchita. Mwamuna kapena mkazi wa wodwalayo asakankhidwire kumbali chifukwa choti ndi mkamwini kapena wobwera.

Funso lotsogolera msonkhano wa banja likhale lakuti: mayi akanatha kulankhula lero, akanasankha chiyani? Yankho lifunidwe m'zimene ankanena ali bwino, m'chikhulupiriro chawo ndi m'zimene thupi lawo likusonyeza panopa. Kulavula piritsi masiku onse, kufumbata milomo, kulira ikakwana nthawi ya mankhwala, konseko ndi kulankhula.

Wosamala nayenso ali ndi ufulu wonena kuti watopa. Kutopa kwake kuthetsedwe pogawana ntchito, kusinthana masiku ogona ndi agogo ndi kupempha a mpingo kuti azibwera kudzacheza. Kusathetsedwe powonjezera mapiritsi ogonetsa.

Zifukwa zopitirizira ndi zifukwa zolekera

Pa mankhwala othandiza kukumbukira palibe yankho lokwanira aliyense. Ku Britain kunachitika kafukufuku wotchedwa DOMINO, wa odwala 295 amene matenda awo anali atakula, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2012. Amene anapitiriza donepezil ankakumbukira ndi kudzithandiza bwinoko poyerekeza ndi amene analeketsedwa. Malangizo a bungwe la NICE la komweko a mu 2018 akuti mankhwalawa asalekedwe pa chifukwa chokhacho chakuti matenda akula.

Chaka chomwecho cha 2018 akatswiri a ku Australia ndi Canada anatulutsa malangizo a kalekedwe kake. Iwo akuti n'koyenera kuyesa kuleka ngati munthu wamwa kopitirira miyezi 12 koma sipanaonekepo phindu, ngati wakhala akuipiraipira kwambiri m'miyezi 6 yapitayi, kapena ngati wafika kumapeto kwa matenda, pamene sathanso kudzichitira kanthu kapena kuzindikira omuzungulira. Akutinso kuleka kuganiziridwe ngati mankhwala akubweretsa zovuta zazikulu, ngati wodwala akuwakana, kapena ngati iye ndi banja lake asankha motero.

Malangizo awiriwa akusonyeza kuti yankho lili mwa wodwala amene ali pamaso panu. Banja lidzifunse kuti chiyambireni mankhwalawa, agogo akutha chiyani chimene ankalephera. Akudya okha? Akuzindikira adzukulu? Chitenje chimene chinkawakwana chayamba kuzungulira kawiri? Agwa kangati mwezi uno?

Mankhwala ofatsitsa ali ndi lamulo losiyana. Aperekedwe pokhapo pamene wodwala angadzivulaze, angavulaze ena kapena akuzunzika kwambiri, pamlingo wochepetsetsa ndi kwa nthawi yaifupi. NICE ikuti wodwala wotere aziunikidwanso pasanathe milungu 6 iliyonse. Asanapatsidwe, pafufuzidwe chimene chikumulusitsa. Nthawi zambiri ndi ululu wa dzino kapena msana umene sakutha kuufotokoza, kudzimbidwa, njala, mkodzo wowotcha, kapena phokoso la anthu ochuluka. Wodwala amene wamwa haloperidol chaka chathunthu popanda womufunsa ngati akufunikabe, ufulu wake wanyalanyazidwa.

Ndalama nazo ndi chifukwa chenicheni ndipo palibe chochititsa manyazi kuchitchula. Ngati kugula mankhwala okumbutsa kukuchititsa kuti pakhomo pasowe ufa, sopo ndi ndalama yokwerera minibasi kupita kuchipatala, nenani poyera pamaso pa adokotala. Kumwa mwezi uno n'kudumphitsa wamawa sikuthandiza, ndipo munthu akadumphitsa nthawi yaitali amafunika kuyambiranso pamlingo wochepa. Chenjerani ndi otsatsa pa Facebook ndi m'misika amene amati ali ndi mankhwala ochiziratu kuiwala. Ngakhale mankhwala atsopano monga lecanemab, amene America inavomereza mu 2023, amangochedwetsa matenda pang'ono mwa amene angoyamba kumene, ndipo sachiza.

Mukagwirizana zoleka, lekani motere

1. Musaleke panokha. Pitani kuchipatala ndi wodwalayo, wosamala weniweni, kabuku ka kuchipatala ndi mankhwala onse a m'nyumba, kuphatikizapo otumizidwa kuchokera kunja.

2. Sinthani mankhwala amtundu umodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha awiri pamodzi simudzadziwa amene abweretsa kusintha.

3. Tsitsani pang'onopang'ono. Malangizo a ku Australia aja akuti mlingo uzidulidwa pakati milungu 4 iliyonse. Mwachitsanzo, amene amamwa donepezil wa 10 mg amatsikira pa 5 mg kwa milungu 4 asanalekeretu. Mlingo weniweni atchule ndi adokotala.

4. Yang'anitsitsani milungu itatu yoyambirira mukatsitsa kapena mukaleka. Gulani kope la kusukulu, mangirirani pensulo ndi ulusi, likolekeni pamsomali pafupi ndi pogona agogo. Madzulo alionse wosamala alembe mizere iwiri: adya bwanji, agona bwanji, alusa kapena ayi, agwa kapena ayi. Amene sadziwa kulemba auze mdzukulu wa kusukulu.

5. Gwirizanani tsiku lobwereranso, ndipo lilembedwe m'kabuku pamodzi ndi chifukwa cholekera ndi amene analipo.

6. Zinthu zikaipa msanga, mankhwala angathe kuyambidwanso. Kuleka ndi kuyesa chabe, si chigamulo chosabwezeka.

Diazepam ndi mankhwala a khunyu amene munthu wamwa nthawi yaitali salekedwa mwadzidzidzi, chifukwa angathe kugwa n'kuyamba kuphupha. Koma agogo akakomoka, mtima ukamagunda mochedwa kwambiri, akasanza magazi, chimbudzi chikada bii, thupi likauma gwaa ndi kutentha, kapena akalephera kudzuka, musadikire msonkhano wa banja. Musawapatsenso piritsi lina, thamangani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuleka mankhwala si kuleka chisamaliro. Ululu uzithetsedwabe, azisambitsidwa, azitembenuzidwa kuti asatuluke zilonda, azidyetsedwa atakhala tsonga kuti asatsamwe, aziimbiridwa nyimbo za kumpingo kwawo. Chipatala cha Mulanje Mission ndi chipatala cha boma zili ndi chithandizo cha odwala matenda osachiritsika, ndipo banja lingathe kupempha kuti lilumikizidwe nacho.

Kubisa mankhwala m'phala

Mabanja ambiri amasinja piritsi ndi supuni n'kulisakaniza m'phala kapena m'tiyi. Ngati wodwala akutha kumvetsa ndipo wakana, kumubisira ndi kumunyenga komanso kuphwanya ufulu wake. Ngati sakuthanso kumvetsa ndipo mankhwalawo ndi ofunikadi pa moyo wake, njirayi ikhale yomaliza, atavomereza wachipatala ndipo zitalembedwa m'kabuku. Mapiritsi ena sayenera kusinjidwa chifukwa anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono m'mimba. Komanso agogo akamva kuwawa m'phala angathe kulikana phalalo mpaka kalekale, ndipo mwawalanda chakudya chimene chimawasunga.

Udindo wa banja

Ufulu umayenda ndi udindo. Banja linene zoona kwa wachipatala, ngakhale zakuti linaleka kale kupereka mankhwala kapena linawonjezera mlingo. Lisunge mankhwala pamalo pouma, posafika ana ndi wodwalayo, poti angamwe kawiri ataiwala. Lisagawireko mnzake wa kumpingo amene amayi ake akuiwalanso. Lione tsiku lothera mphamvu pa mankhwala otumizidwa ndi mabasi a ku Joni, ndipo ligule m'mafamase ovomerezeka okha.

Namondwe wa Freddy atakokolola nyumba, misewu ndi milatho m'boma lino mu Malichi 2023, anthu ambiri anataya katundu yense pamodzi ndi timabuku ta kuchipatala. Jambulani masamba a kabuku ndi foni n'kutumizira abale awiri, kuti mayina ndi milingo ya mankhwala zisatayike.

Pamsonkhano ndi wachipatala, musachite manyazi kufunsa mafunso awa:

- Adokotala, mankhwala awa ndi a chiyani, ndipo tidziwa bwanji kuti akugwira ntchito?
- Ndi zovuta ziti zimene tikaziona tibwere msanga?
- Tikaleka chingachitike n'chiyani, nanga tikapitiriza?
- Pali ena mwa mankhwalawa amene akuwonjezera kuiwala?
- Tibwerenso liti kuti muwaonenso?

Wachipatala nayenso ali ndi udindo wolankhula ndi wodwalayo maso ndi maso, osati kungocheza ndi gadiyani ngati mwini nkhani palibe.

Kokadandaula

Ngati simunafotokozeredwe bwino kapena wodwala wachitidwa chipongwe, yambani ndi mkulu wa pachipatalapo kapena komiti ya anthu a m'dera yoyang'anira chipatala. Zikakanika, kuyambira mu 2018 m'zipatala za m'maboma muli ombudsman wolandira madandaulo a odwala. Za khalidwe la dokotala zimapita ku Medical Council of Malawi, za namwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo za mankhwala achinyengo, otha mphamvu kapena ogulitsidwa popanda chilolezo ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Nkhanza zochitika pakhomo nazo n'zofunika kuneneza. M'boma la Mulanje malo olima ndi osowa, ndipo wokalamba woiwala, makamaka wogonetsedwa ndi mankhwala, savuta kumudinditsa chala pa pepala logulitsa munda kapena kumulanda ndalama za Mtukula Pakhomo. Gawo 28 la Malamulo Aakulu likuteteza katundu wa munthu aliyense. Nkhani zotere, pamodzi ndi kumenya, kumana chakudya ndi kunena za ufiti, zitengereni ku ofesi ya polisi yothandiza ozunzidwa, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma, ku Malawi Human Rights Commission kapena ku Legal Aid Bureau, yomwe imathandiza osatha kulipira loya. Mgwirizano wa mabungwe oimira achikulire wa MANEPO nawonso umalankhulira okalamba ozunzidwa.

Inu amene mukusamala kholo loiwala, musadikire kuti mankhwala athe kapena mkangano ubuke. Ulendo ukubwerawu wa kuchipatala tengani mankhwala onse, kabuku ndi agogo eni ake, funsani ntchito ya piritsi lililonse, ndipo musachoke musanalemberedwe tsiku lodzawaonanso. Amene mumatumiza ndalama, imbani foni mumve kaye kwa wosamala musanalamule. Ndipo nonsenu, musanamange chilichonse, afunseni agogowo.